Khutu Litsogole, Diso Litsate: Za Liwiro la Nyimbo M'masewera a Gitala

Mnyamata akagwira gitala wa pulasitiki ndi kuima patsogolo pa wailesi ya kanema, zinthu zimamuyendera bwino pamene nyimbo ikuyenda mwachifatse. Ikangofika pothamanga, kapena ikasintha mayendedwe ake mwadzidzidzi, timadontho ta pa galasi timayamba kumupitirira, mau a gitala amazimirira, ndipo khamu la anthu ojambulidwa m'masewerawo limayamba kumukuwiza. Pamenepo mnyamata uja amayang'ana zala zake mokwiya. Amati n'zolemera, amati n'zazifupi, mwinanso amati iye sadabadwe nalo luso la zoimbaimba. Komatu mlandu umenewu zala zimausenza popanda chifukwa chokwanira. Nthawi zambiri cholakwa chimakhala chakuti wosewerayo wapatsa diso ntchito imene mwini wake ndi khutu. Aphunzitsi amene amaona masewera amenewa ngati chibwana chabe angachite bwino kuyamba aona m'mene kulakwako kumachitikira, pakuti ndi kulakwa komweko kumene kumasokoneza kwaya ya pa sukulu.

Masewera a gitala a pa kanema adayambira ku Japan, kumene kampani ya Konami idatulutsa GuitarFreaks m'chaka cha 1999, gitala wake ali ndi mabatani atatu. Amene adawatchukitsa pa dziko lonse ndi a kampani ya Harmonix ya ku America, imene idakhazikitsidwa mu 1995 ndi Alex Rigopulos ndi Eran Egozy, anyamata awiri amene adaphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya MIT. Mu 2005, mogwirizana ndi kampani ya RedOctane, adatulutsa Guitar Hero, ndipo mu 2007 adatulutsa Rock Band, imene idaonjezapo ng'oma ndi choimbira mau. Kampani ya Activision, imene idagula RedOctane, idaleka kutulutsa Guitar Hero mu 2011, niyesanso kamodzi mu 2015. Masewerawo sadafe nazo zimenezo, popeza okonda adadzipangira ao otchedwa Clone Hero mu 2017, oseweredwa pa kompyuta kwaulere.

Kaseweredwe kake n'kosavuta kufotokoza. Pa galasi pamaoneka chinthu chonga msewu wa tinjira tisanu, ukutsikira kwa wosewera. Mu msewumo mumabwera timadontho tobiriwira, tofiira, tachikasu, tabuluu ndi taolenji, molingana ndi mabatani asanu a pa khosi la gitala. Kadontho kakafika pa mzere wa m'munsi, wosewera ayenera kukhala atakanikiza batani lake ndi dzanja lamanzere, ndipo ndi dzanja lamanja amenye kampini kamene kamaimira nsambo. Akalondola timadontho khumi motsatizana, mapointi ake amayamba kuwerengedwa kawiri, kenaka katatu, mpaka kanai. Akaphonya kamodzi kokha, kuchulukitsako kumatha. Akaphonya mowirikiza, nyimbo imadulidwa isanathe, ndipo manyazi ake ndi pamenepo.

Tsono pofuna kuona vuto la diso mpofunika masamu pang'ono. Nyimbo imene idaliza ambiri mu Guitar Hero III, ya mu 2007, ndi "Through the Fire and Flames" ya gulu la DragonForce la ku London. Pa mlingo wapamwamba, wotchedwa Expert, nyimboyi ili ndi timadontho 3,722 m'mphindi zopitirira pang'ono zisanu ndi ziwiri, ndiye kuti timadontho toposa 8 pa sekondi iliyonse, kuwerengera ndi malo opumira omwe. Nyimboyi imagunda ka 200 pa mphindi imodzi. Sekondi ikagawidwa magawo 1,000, amene ophunzira sayansi amawatcha mamilisekondi, kugunda kumodzi kumatenga mamilisekondi 300. Pamene oimba aika mau anai m'kugunda kumodzi, kadontho kalikonse kamatsata kanzake patangopita mamilisekondi 75 okha, ndiye kuti timadontho 13 pa sekondi. Koma munthu wamba akaona chinthu ndi diso nafuna kuchitapo kanthu ndi chala, pamapita mamilisekondi apakati pa 200 ndi 250. Wodikira kuti aone kadontho katafika pa mzere ndiye amenye, amamenya timadontho titatu titadutsa kale. Zala zake zingakhale zachangu motani, uthenga umazipeza mochedwa.

Koteroko aliyense amene amalondola malo othamanga chotere sadikira kuona. Amadziwiratu nthawi imene kadontho kafike, ndipo dzanja limanyamuka kadonthoko kadakali m'njira. Kudziwiratu kumeneku si kwachilendo kwa munthu amene adaonapo amai awiri kapena atatu akusinja mu mtondo umodzi. Palibe amene amadikira kuona munsi wa mnzake utatuluka ndiye n'kutsitsa wake. Akadatero, mphale ikadatha dzuwa litalowa, mwinanso minsi ikadaombana. Aliyense amakhala atasunga kagundidwe ka minsiyo m'thupi mwake, ndipo amakweza mikono pa nthawi imene khutu lamuuza, maso ali kwina, pakamwa pali macheza.

Akatswiri amene akhala akuyesa anthu powauza kuti azigogoda pa tebulo motsatira kulira kwa kachipangizo adapeza zinthu ziwiri zoyenera kudziwa. Choyamba n'chakuti anthu ambiri amagogoda kulirako kusanafike, motsogola ndi mamilisekondi makumi angapo, iwo osazindikira. Zimenezi zisonyeza kuti thupi limachita kulosera. Chachiwiri n'chakuti munthu amatsata bwino kulira kuposa nyali yothwanima, ndipo liwiro likamakwera, wotsata nyali amasokonezeka wotsata kulira adakalimbabe. Bruno Repp wa ku Haskins Laboratories, ku America, adasonkhanitsa zofufuza za mtundu umenewu m'nkhani yake ya mu 2005. Oimba ng'oma adazidziwa kale zimenezi popanda kuziyeza.

Dzanja lamanja nalo lili ndi gawo lake. Woyamba kumene amamenya kampini kaja chotsitsa chokhachokha, ndipo pa nyimbo zoyenda bwinobwino zimatheka. Pa timadontho 13 pa sekondi mkono umauma posachedwa. Ozolowera amamenya chotsitsa ndi chokweza mosinthanitsa, kotero kuti ulendo umodzi wa dzanja umalipira timadontho tiwiri. Kupumitsa mkono ndi phindu loonekeratu, koma pali lina loposa. Ngati timadontho tikubwera tinaitinai, ndipo munthu wayamba ndi chotsitsa, ndiye kuti kugunda kulikonse kwa nyimbo kudzapezana ndi chotsitsa. Dzanja limasanduka chowerengera. Wosewera safunikanso kusamala timadontho 13. Amasamala kugunda kutatu ndi pang'ono pa sekondi, kumene phazi lingathe kuponda pansi popanda vuto, ndipo timadontho tinato timagwera m'malo mwake tokha. Akangomva kuti chokweza ndicho chapezana ndi phazi, amadziwa kuti wataya kamodzi kapena waonjeza kamodzi, galasi lisanamuuze.

Pali timadontho tina timene sitifuna kumenya kampini konse, tongokanikiza batani basi, motsanzira woimba amene amaliza nsambo ndi zala za pa khosi la gitala zokha. Chiyambi cha nyimbo ya DragonForce ija chadzala ndi timeneti, ndipo osewera ambiri amamenya kadontho koyamba ndi chigongono kuti manja onse awiri akhale pa mabatani. Kumeneko chowerengera cha dzanja lamanja chachoka. Chatsala ndi phazi, ndipo amene sadaliphunzitse kuponda amayenda mumdima.

Chodabwitsa n'chakuti kawirikawiri wogwa pa malo othamanga amagwa chifukwa chofulumira. Akaona timadontho tathithikana, mtima umadumpha, mapewa amauma, mpweya amaugwira, ndipo dzanja limathamanga kuposa nyimbo. Masewerawa amalanga kumenya kampini popanda kadontho monga momwe amalangira kuphonya, choncho wofulumira amaluza kawiri. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Ndiponso akaphonya, woyamba kumene amayesa kubwezera kadontho kamene kadutsa, n'kutayirapo tina tisanu. Wozolowera amakasiya kapite, nadikira kugunda kotsatira kuti alowenso, monga achitira wovina amene waphonya sitepe m'bwalo.

Nyimbo zosintha liwiro zili ndi msampha wa mtundu wina. Guitar Hero II, ya mu 2006, imathera pa "Free Bird", nyimbo imene gulu la Lynyrd Skynyrd la ku Jacksonville, m'chigawo cha Florida, lidatulutsa mu 1973. Nyimboyi ndi ya mphindi pafupifupi zisanu ndi zinai. Theka loyamba limayenda mofatsa, poti ndi mau a munthu wotsanzika, ndipo wosewera amafika pomasuka, thupi litazolowera kayendedwe kodekha. Kenaka, chapakati, ng'oma zimasintha, liwiro limakwera kwambiri, ndipo gitala amathamanga kwa mphindi zoposa zinai osapuma. Msampha wake ndi wakuti msewu wa pa galasi suthamanga pamodzi ndi nyimbo. Umatsikabe pa liwiro lake lomwe lija. Chimene chimasintha ndi kutalikirana kwa timadontho ndi kwa timizere topingasa timene timasonyeza kugunda. Diso lotanganidwa ndi mitundu ya timadontho siliona msanga kuti timizere tija tayandikirana. Khutu limamva pompo, pakuti woimba ng'oma ndiye amalengeza kusinthako, ndipo amakulengeza kwa anzake a m'gulu ntchito ya gitala isanachuluke. Wosewera amene amamvetsera gitala yekha, poti ndiye chida chimene wagwira, amamva nkhaniyo mochedwa; amene amamvetsera ng'oma amakhala atakonzeka.

Nyimbo ya "One" ya gulu la Metallica, ya mu 1988, imene ili mu Guitar Hero III, imaonjeza vuto lina, chifukwa imasintha ngakhale kawerengedwe. Imayamba munthu akuwerenga kanai, kenaka amafika powerenga katatu, ndipo chakumapeto ng'oma za kumapazi za Lars Ulrich zimalira pamodzi ndi magitala kasanu n'kamodzi m'kugunda kumodzi, motsanzira mfuti yachiwaya, poti nyimboyo ikunena za msilikali wovulala ku nkhondo. Amene adazolowera kuwerenga tinaitinai paliponse amasokera pamenepa. Mankhwala ake ndi otopetsa, ndipo n'chifukwa chake ambiri amawalambalala: kumvetsera nyimbo yonse kangapo gitala ali pakhoma, akuomba m'manja, mpaka malo osinthira adziwike monga munthu adziwira pokhota pa njira ya kwao ngakhale usiku.

Palinso kusintha kwina kobisika, kumene ngakhale eni nyimbo sadakukonze. Nyimbo zambiri za masiku ano zimajambulidwa woimba ng'oma akumvetsera kugunda kwa makina m'makutu mwake, kotero kuti liwiro silisuntha. Zambiri za m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zidajambulidwa popanda zimenezo. Gulu likafika pokoma limathamangirako pang'ono, likafika pofatsa limabwerera. Okonza masewera amayenera kutsata nyimbo yotere kugunda ndi kugunda, akulemba pamene yafulumira ndi pamene yachedwa, asanaikemo kadontho n'kamodzi komwe. Pamene Harmonix idatsegula Rock Band Network mu 2010, kuti oimba ndi anthu wamba azikonza okha nyimbo zoika m'masewerawo, ntchito imeneyi idali pakati pa zoyamba kuphunzira. Wosewera amene waika liwiro limodzi m'mutu mwake n'kutseka makutu amapezeka akutsogola pena, akutsalira pena, iye osadziwa chifukwa chake. Munthu wosunga nthawi bwino amakhala akumvetsera kosalekeza ndi kudzikonza pang'onopang'ono, monga achitira wopalasa njinga amene amagwedeza chiongolero ngakhale pa msewu woongoka.

Kunena chilungamo, si nthawi zonse pamene wosewera ndiye wolakwa. Mawailesi a kanema akale aja a chimsana chachikulu ankaonetsa chithunzi nthawi yomweyo. A galasi lopyapyala amayamba akonza chithunzi asanachionetse, ndipo ena, makamaka oyambirira, ankachichedwetsa ndi mamilisekondi makumi angapo, mwina kufika pa 100. Zomvera za m'makutu zopanda waya za Bluetooth nazo zimachedwetsa mau, kawirikawiri ndi mamilisekondi oposa 100. Pa nyimbo imene timadontho timasiyana ndi 75, kuchedwa kotere kutanthauza kuti diso lili pa kadontho kake, khutu lili pa kena, makina nao ali pa kao. N'chifukwa chake masewerawa ali ndi malo olinganizira mau ndi chithunzi, ndipo gitala wa Rock Band 2, wa mu 2008, adamuikira kadiso ndi kakhutu kakekake koyezera kuchedwako. Amene sadalinganize makina ake asafulumire kudziimba mlandu. Koma amene walinganiza alibenso pothawira.

Diso nalonso lisanyozedwe. Popanda ilo munthu sangadziwe batani loti akanikize, ndipo ofufuza ena adapeza kuti chinthu choyenda, monga mpira wodunda pansi, diso limachitsata bwino kuposa nyali yothwanima. Msewu wotsika uja uli m'gulu limeneli. Nkhani yagona pa malo amene disolo likuyang'ana. Woyamba kumene amayang'anitsitsa pa mzere wa m'munsi. Wozolowera amayang'ana chapakati pa msewu kapena kumtunda, akuwerenga zimene zikubwera m'magulumagulu, monga wodziwa kuwerenga buku saona lemba limodzilimodzi koma mau athunthu. Pali chinthu china chimene chimazunguza osadziwa: akatswiri ambiri amayatsa Hyperspeed, imene imathamangitsa msewu koma nyimbo ikuyenda monga kale. Wina angaganize kuti akungodzionetsera. Zoona zake n'zakuti msewu ukathamanga, timadontho timatalikirana, ndipo diso limatiwerenga mosavuta. Akatswiriwo amapeputsira diso ntchito yake ya kuwerenga popeza nthawi adaisungitsa kale kwa khutu ndi phazi.

Njira yophunzirira malo ovuta si yatsopano ai. Kuyambira mu Guitar Hero II muli gawo lophunzirira, m'mene munthu amasankha chigawo chimodzi cha nyimbo ndi kuchichepetsa liwiro. Oimba zida zenizeni akhala akuchita zomwezo kwa zaka mazana awiri ndi metronomu, kachipangizo kogunda ngati wotchi kamene Johann Maelzel adalembetsa m'dzina lake mu 1815, ngakhale kuti nzeru yake adaitenga kwa Dietrich Winkel wa ku Amsterdam. Munthu amayamba pa liwiro limene angathe kuimba osalakwa, nakweza pang'ono, nakwezanso. Achinyamata ambiri amaida njira imeneyi. Amakonda kubwereza nyimbo yonse pa liwiro lake lenileni kakhumi, n'kugwa pa malo amodzimodzi kakhumi, akuyembekeza kuti ulendo wina zidzangochitika. Chimene akuphunzitsa zala zao pamenepo ndi kulakwako, pakuti thupi limasunga chimene labwereza osasankha chabwino kapena choipa. Komabe kuchedwetsa kokha sikukwanira, chifukwa dzanja limayenda mosiyana pa liwiro lalikulu. Pamafunika kuyesanso tizigawo tatifupi, ta kugunda kuwiri kapena kunai, pa liwiro lenileni, n'kupuma, n'kuyesanso.

Otsutsa masewerawa sadasowe. Mu 2009 woimba wotchuka Prince adanena poyera kuti adakana kupereka nyimbo zake ku Guitar Hero, poti adaona kuti n'kwabwino ana aphunzire gitala weniweni. Mfundo yake ili ndi mutu. Mabatani asanu si nsambo zisanu ndi imodzi, ndipo katswiri wa Expert akapatsidwa gitala wa matabwa zala zake zimachita matuza ngati za wina aliyense. Koma otsutsawo amayang'ana dzanja lamanzere lokha. Wosewera wakhama amatuluka ndi zinthu zina: kumva kugunda pakati pa phokoso, kugawa kugunda kumodzi panai kapena pasanu n'kamodzi, kuzindikira kuti liwiro lasintha, ndi kulowanso m'nyimbo ataphonya. Mphunzitsi aliyense amene adaimitsapo kwaya chifukwa a mau ang'ono athawa a besi amadziwa kuti zimenezi si zazing'ono.

Masewerawa amaperewera pena, ndipo ndi pamene aphunzitsi ayenera kuyang'ana. Guitar Hero imapereka mpata pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kwa kadontho kalikonse, ndipo wogwera mu mpatawo amalandira mapointi onse, kaya wagwera pakati kaya m'mphepete. Masewera ena, monga Dance Dance Revolution a Konami, amauza wovina ngati wapondadi pa nthawi yake kapena wangoyandikira. A gitalawa amangoti walondola kapena waphonya. Motero mwana angathe kumaliza nyimbo yonse akutsogola pang'ono pa kadontho kalikonse, mapointi n'kumunamiza kuti zonse zili bwino. Chinanso n'chakuti nyimbo yojambulidwa siimvetsera munthu. Wosewera akathamanga siimutsata, akachedwa siimudikira, ndipo iye sapatsidwa mpata wotsogolera. Amaphunzira kutsata nthawi imene wina adaika kale, koma saphunzira kuisenza yekha kuti anzake atsamirepo. Amai a pa mtondo aja mmodzi akatopa, anzake amachepetsa osauzana, ndipo akapezanso mphamvu onse amakweza pamodzi. Luso limenelo galasi silingaphunzitse.

Mphunzitsi amene ali ndi wophunzira wodzitama ndi mapointi ake angathe kumuyesa popanda kugula kanthu. Amuuze aike gitala pansi, afulatire galasi, aombe m'manja motsata "Free Bird" kuyambira pofatsa mpaka pothamanga. Kenaka, nyimbo ili mkati, mphunzitsi atsitse mau kwa masekondi khumi, mwana akuombabe, ndipo awakwezenso. Ngati manja apezana ndi ng'oma, mwanayo aikidwe kutsogolo kwa kwaya sabata yotsatira. Ngati atsogola, monga achitira ambiri, paitanidwe anzake atatu kuti aombe naye pamodzi, ayambirenso pofatsa paja.